Ngongole ya Wofufuza Nzeru

1. Mlendo wa mafunso

M'midzi ya kwa Kalolo, kwa Kabudula ndi kwa Khongoni mumafika alendo a mitundu mitundu. Ena adza kudzagula fodya ndi mtedza, ena adza kudzagulitsa zovala ndi nsomba zouma. Koma alipo mlendo wina amene sagula kanthu, sagulitsanso kanthu. Iye afika ndi cholembera ndi pepala, kapena ndi foni, nakhala pa mphasa, nayamba kufunsa: "Muli ndi ana angati, mayi? Munadya ndiwo zanji dzulo? Mwana anadwala liti malungo? Agogo, mudzi uno unachokera kuti?" Nthawi zina apempha kadontho ka magazi, kapena dothi la m'munda lodzala dzanja. Akatha alawira mwaulemu, nakwera galimoto, napita. Munthu ameneyu ndiye wofufuza, ndipo ntchito yake itchedwa kafukufuku.

Akale anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mlendo uyu sachoka chimanjamanja, pakuti atenga mayankho, ndipo mayankhowo akawasandutsa nzeru yolembedwa m'mabuku. Tsono funso ndi ili: kodi nzeru imeneyo njayani? Kodi njake ya iye amene anailemba, kapena eni mayankho alinso ndi gawo lao? Yankho la kabuku kano nlakuti nzeru yotengedwa kwa anthu iri ngongole, ndipo ngongole iyenera kubwezedwa. Koma mau otere safunika kungovomerezedwa. Ayenera kuyesedwa ndi zinthu zimene zinachitikadi.

2. Mutu umodzi susenza denga

Pa mseu wochokera ku Lilongwe kunka ku Mchinji, kufupi ndi Mpingu, pali malo ofufuzira za ulimi a Chitedze, amene anatsegulidwa m'chaka cha 1948. Kumeneko akatswiri amakwatitsa mbeu, nadzala timinda tating'ono tambiri, nayesa zokolola pa sikelo chaka ndi chaka. Mtedza wa CG7, umene unaperekedwa kwa alimi mu 1990, unayesedwa kumeneko. Chomwechonso mtedza wotchedwa Nsinjiro, wa mu 2000, umene upirira matenda a kadukutu ofalitsidwa ndi nsabwe za m'mbeu. Mlimi wa ku Nsaru akakumba mtedza wotere angaganize kuti zonse ndi nzeru ya akatswiri okha. Koma mbeu siiperekedwa kwa anthu isanayesedwe m'minda ya alimi enieni. Alimiwo ndiwo apereka malo, napalira, nanena chimene aona: uwu uchedwa kukhwima, uwu uvuta pokumba, uwu sukoma m'ndiwo.

Za mankhwala ziri chimodzimodzi. Pakati pa 2009 ndi 2014 katemera wa malungo wotchedwa RTS,S anayesedwa pa ana oposa 15,000 m'malo 11 a m'maiko 7 a mu Africa, ndipo Lilongwe anali amodzi a malo amenewo. Amai anabereka ana ao kunka nao ku chipatala kawirikawiri, navomera kuti alasidwe jakisoni ndi kutengedwa magazi, iwo osadziwa ngati mankhwalawo adzathandiza kapena ai. Pomaliza kunapezeka kuti mwa ana amene anayamba kulandira katemerayo ali ndi miyezi 5 kufikira 17, namlandira kanai, malungo anachepa ndi magawo pafupifupi 4 mwa 10. Pa 23 Epulo 2019 Malawi anakhala dziko loyamba kupereka katemerayu m'zipatala za ana za masiku onse, ndipo Ghana ndi Kenya anatsatira. Mu Okutobala 2021 bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, linalangiza kuti katemerayu aperekedwe kwa ana m'maiko ovutika ndi malungo.

Maina a madokotala analembedwa m'mabuku, ndipo nkoyenera, pakuti anagwira ntchito yaikulu zaka zambiri. Maina a amai aja sanalembedwe. Koma popanda misana yao ndi magazi a ana ao, katemerayo akanakhala madzi a m'botolo osadziwika mphamvu yake. Chotero chinthu choyamba chaoneka: nzeru yofufuzidwa iri ngati denga, losenzedwa ndi mitu yambiri. Amene anasenza nao sayenera kugona panja mvula ikadza.

3. Ngongole imene siinabwezedwe

Si nthawi zonse pamene osenza denga analowa m'nyumba. M'chaka cha 1938 kunafika m'Nyasaland gulu la ofufuza za zakudya, lotsogozedwa ndi Dr. B. S. Platt. Anakhala m'midzi ya m'boma la Nkhotakota, wina wa kumapiri, wina wa m'munsi mwa mapiri, wina wa kunyanja. Anayesa minda, anayesa ufa ndi ndiwo pa sikelo, anapima matupi a akulu ndi ana, miyezi yambiri. Eni midzi anapirira zonsezi, ngakhale nchinthu chochititsa manyazi kuti mlendo aziyang'ana mumphika mwa mwini. Koma mu 1939 kunabuka nkhondo yaikulu, ndipo mapepala aakulu a kafukufukuyo anakhala osasindikizidwa kufikira 1992, pamene anatuluka m'buku la Chingerezi ku London. Zinapita zaka zoposa 50. Ambiri a iwo amene anatsegula nkhokwe zao anali atapita kumanda osamva chimene chinapezeka. Panalibe nkhanza pamenepa, koma ngongole inakhala ngongole.

Kwina kunali nkhanza yeniyeni. Ku Tuskegee, m'dziko la America, madokotala a boma anayamba mu 1932 kuyang'anira amuna akuda 399 odwala chindoko, ambiri a iwo alimi osauka. Sanawauze dzina la nthenda yao. Pamene mankhwala a penicillin anapezeka m'zaka za m'ma 1940, madokotalawo sanawapatse, chifukwa anafuna kuona m'mene nthendayo imaonongera thupi kufikira imfa. Zimenezi zinaleka mu 1972, nyuzipepala zitaulula, ndipo mtsogoleri wa dzikolo anapepesa mu 1997. Madokotala aja anali ophunzira kwambiri, koma anaona anthu ngati timinda toyeserapo mbeu. Apa mpamene paonekera kuti maphunziro pa okha sapatsa munthu umunthu.

Chifukwa cha zoipa zotere, maiko anapangana malamulo. Oyamba analembedwa ku Nuremberg mu 1947, ataweruzidwa madokotala a ku Germany amene anazunza akaidi pa nthawi ya nkhondo, ndipo ena anapanganidwa ku Helsinki mu 1964. Mutu wa malamulo onsewa ngwakuti munthu asayesedwe kanthu iye asanamve bwino ndi kuvomera mwa kufuna kwake. M'Malawi muli komiti ya National Health Sciences Research Committee, imene iyamba yaona kafukufuku wa zaumoyo asanaloledwe kufika kwa anthu.

4. Ngongole imene inabwezedwa

Zitsanzo zabwino ziliponso, ndipo china chiri pafupi. Chipatala cha St. Gabriel ku Namitete chinayambidwa mu 1959 ndi masisitere ochokera ku Luxembourg, ndipo chimathandiza midzi yambiri yakutali. Chinali ndi anthu odzipereka m'midzimo oyang'anira odwala, koma kuti apereke uthenga ku chipatala anayenera kuyenda pansi kapena pa njinga mtunda wautali. Mu 2008 mnyamata wina wophunzira ku Stanford, dzina lake Josh Nesbit, amene anali ataona vutoli ndi maso ake, anadza ndi mafoni ndi kompyuta imodzi. Odzipereka 75 anaphunzira kutumiza mauthenga olemba: wakuti wafooka, wakuti mankhwala amthera, wakuti waleka kumwa mankhwala a chifuwa chachikulu. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2010. Pa miyezi 6 panapulumuka maola oposa 2,000 amene akanathera pa ulendo, ndipo chipatala chinatha kusamala odwala chifuwa chachikulu ochuluka kawiri kuposa kale.

Chimene chinakometsa ntchito imeneyi si mafoni ai. Nchakuti funso lofufuzidwalo linachokera ku vuto la eni malo, ndipo phindu lake linayamba kuoneka pa malo pomwepo lisanapite ku maiko ena. Wofufuza anapindula, pakuti dzina lake linamveka, koma odwala a kwa Kalolo sanatsale m'mbuyo.

Chitsanzo china ncha mbiri yakale. Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, wobadwa mu 1905, anafunsa nkhalamba ndi mafumu za chiyambi cha Achewa, za Kalonga, za mafuko a Banda ndi Phiri. Zimene anamva anazilemba m'buku la Mbiri ya Achewa, limene linatuluka m'zaka za m'ma 1940 m'chinenero cha eni mbiriyo. Buku la Chingerezi lotanthauzira lake linadza pambuyo, mu 1973. Dongosolo limeneli ndilo loyenera: eni nkhani ayambe kumva, alendo atsatire. Mwana wa sukulu wa ku Nambuma akhoza kuwerengera agogo ake buku lotere, ndipo agogowo akhoza kunena kuti, "Apa walemba zoona, koma apa anamnamiza." Mbiri yolembedwa m'chinenero chachilendo chokha siingatsutsidwe ndi eni ake, ndipo cholakwa chikalowamo chikhala momwemo mibadwo yonse, ana nachiloweza pa mayeso.

Ofufuza a pambuyo pake anaonjeza njira zina. Dr. Yusuf Juwayeyi anakumba pansi ku Mankhamba, m'boma la Dedza, kumene nkhalamba zinati kunali likulu la Kalonga, napeza mikanda, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Buku lake linatuluka mu 2020. Dothi linavomereza kuti pamalopo panalidi mudzi waukulu wa malonda. Koma wokumbayo sakanadziwa pokumba popanda mau a nkhalamba zosadziwa kulemba.

5. Phunziro lochokera kunyanja

Munthu wa ku Kabudula angati za nyanja sizimkhudza, popeza kwao kulibe ngalawa. Koma usipa ndi utaka zimene agula pa msika wa Nsaru zichokera ku Nyanja ya Malawi, ndipo nsomba zikachepa kumeneko, kamulu ka pa msika kachepanso ndi mtengo nukwera. Nyanja imeneyi iri ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iri yonse ya madzi opanda mchere, ndipo chifukwa chake akatswiri a maiko ambiri akhala akudza kudzaiphunzira.

Mmodzi wa iwo anali Rosemary Lowe, mkazi wa ku England, amene anafika mu 1945 ali ndi zaka 24, nakhala kufikira 1947 akufufuza chambo. Anayenda ndi asodzi, natumbula nsomba zambirimbiri, nalongosola kuti chambo chiri cha mitundu ingapo, yoswana pa nyengo ndi malo osiyana. Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa mwake, kotero kuti wogwira make pa nyengo yoswana wapha ndi ana omwe. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1952, ndipo boma linaika malamulo a kukula kwa maso a ukonde ndi a nyengo yoletsa kusodza. Komabe chambo chinatsala pang'ono kutha m'Nyanja ya Malombe pofika zaka za m'ma 1990, ndipo chinachepa kwambiri kummwera kwa Nyanja ya Malawi. Nzeru inalipo, koma lamulo lochokera ku ofesi, limene asodzi sanakhale nao polipangana, linasungidwa pokhapo pamene wa boma ali pafupi.

Pa chilumba cha Mbenji, m'boma la Salima, m'dziko la Mfumu Makanjira, zinayenda mwa njira yina. Kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu ndi akulu a kumeneko amatseka chilumbacho nyengo ya dzinja, ndipo palibe msodzi aloledwa kukhalako kufikira tsiku lotsegulira. Aletsanso mowa ndi njuga pa chilumbapo, ndipo wolakwa amchotsa. Asodzi amvera chifukwa lamulolo nlao, ndipo aona okha phindu lake. Kuyambira mu 2022 akatswiri a mbiri, a nsomba ndi a zaumoyo ochokera ku Mzuzu University ndi ku University of Strathclyde ya ku Scotland anagwirizana kufufuza za Mbenji, kuti aone chimene boma lingaphunzire kwa eni nyanja. Ophunzira anakhala pansi kumvera anthu amene kale ankayesedwa osadziwa kanthu.

Apa patuluka mbali yina ya ngongole ija. Sikukwanira kubweza zotsatira zokha. Wofufuza ayeneranso kuvomera kuti anthu amene awafunsa ali ndi nzeru yao, imene anaipeza poyang'ana madzi, dothi ndi mitambo zaka zambiri. Msodzi wa ku Mbenji ndi mlimi wa ku Mpingu ali ofufuza iwonso, kungoti mabuku ao ali m'mutu.

6. Mau a otsutsa

Wina angatsutse kuti, "Nzeru siiri ya mudzi umodzi, iri ya dziko lonse. Penicillin anapezedwa ku London mu 1928, koma achiritsa mwana wa ku Namitete amene makolo ake sanasenzeko denga limenelo. Nanga bwanji anthu a kuno aziwerengera ngongole?" Mau amenewa ali ndi choonadi, ndipo munthu woona mtima sangawakane. Aliyense amadya za m'munda umene sanalime. Mai wa ku Lilongwe amene anapereka mwana wake ku kafukufuku wa katemera anathandiza ana a ku Ghana amene sadzawaona, monga iyenso anathandizidwa ndi anthu osawadziwa. Kupatsa nkuika. Koma kunena kuti nzeru njadziko lonse sikuchotsa mudzi uja m'dziko lonselo. Chosayenera nchakuti mankhwala ayesedwe pa osauka, kenaka akagulitsidwe pa mtengo umene olemera okha angathe.

Wina angati, "Kafukufuku achedwa, ndipo wambiri sabala kanthu. Wofufuza abweza chiyani ngati sanapeze kanthu?" Izinso nzoona. Katemera wa malungo uja anayamba kupangidwa m'zaka za m'ma 1980, natha zaka zoposa 30 asanafike ku zipatala za ana. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma ngakhale mlenje wobwera wopanda nyama amauza anzake kumene anayenda, kuti iwo asakataye nthawi komweko. Wofufuza akhoza kubwera kwa mfumu, anthu atasonkhana, nanena m'chinenero chao kuti, "Chimene chinayesedwa chija sichinathandize." Kuteroko nkubweza ndithu, pakuti asonyeza kuti anawayesa anzake a pa ntchito.

Wina angatinso, "Ngati iri ngongole, alipire ndalama basi." Nkoyenera kubwezera munthu ndalama ya ulendo ndi ya nthawi imene wasiya khasu lake. Koma ndalama ikachuluka isanduka nyambo. Munthu wa njala m'mwezi wa Febuluwale angavomere chinthu choopsa chimene akanakana nkhokwe iri yodzala, ndipo kuvomera kotero si kuvomera ai. Chifukwa chake ngongole imeneyi siitha ndi ndalama. Ibwezedwa ndi zinthu zitatu: kunena zoona poyamba, kusamala munthu ntchito iri mkati, ndi kubwera ndi zotsatira potsiriza.

7. Gawo la wofunsidwa

Pangano liri ndi mbali ziwiri, ndipo wofunsidwa alinso ndi udindo wake. Woyamba ndi kunena zoona. Alipo anthu amene akaona mlendo wa pepala aganiza kuti akulemba maina a olandira chithandizo, tsono abisa mbuzi zao, nachepetsa matumba a chimanga, nachulukitsa ana. Ena anena kuti amagona m'masikito pamene ukondewo anatchingira nkhuku. Bodza lotere lioneka laling'ono, koma likalowa m'buku lisokeretsa amene agawa mankhwala ndi mbeu, ndipo chithandizo chipita kumene sichifunika. Wothira mchenga mu ufa wa pamudzi adzautafuna yekha.

Wachiwiri ndi kusiyanitsa kufunsa ndi mphekesera. Mu 2017, ku Mulanje, ku Phalombe ndi maboma ena a kummwera, kunamveka mbiri ya anamapopa, ndipo anthu osalakwa anaphedwa, antchito ena a zaumoyo naleka kuyendera midzi chifukwa cha mantha. Palibe wopopa magazi anapezeka ndi umboni. Mantha otere amera msanga pamene anthu aona magazi akutengedwa koma osauzidwa kumene apita. Mankhwala ake ndi kufotokoza kwa wofufuza ndi kufunsa kwa mwini mudzi. Safunsa anadya phula, koma woponya mwala asanafunse achita choipa choposa.

Apa mpamene kudziwa kuwerenga kuonetsa mtengo wake. Wofufuza za umoyo ayenera kupereka pepala la chilolezo, lolembedwa m'chinenero chimene munthu amva. Wosadziwa kuwerenga amadinda chala pamaso pa mboni, nakhulupirira zimene wauzidwa. Koma amene waphunzira, ngakhale atakula kale, akhoza kutenga pepalalo, naliwerenga pang'onopang'ono, nafunsa mafunso awa: Ntchito imeneyi njofuna kupeza chiyani? Anailola ndani? Magazi apita kuti, ndipo adzasungidwa kufikira liti? Choopsa chake nchiyani, ndipo munthu akadwala adzamsamala ndani? Dzina lidzabisidwa kodi? Zotsatira zidzamveka liti, ndipo kuti? Ayeneranso kudziwa kuti ali ndi ufulu wa kukana, ndi wa kuleka pakati, ndipo kukanako sikumchotsera chithandizo cha ku chipatala chimene alandira masiku onse. Wofufuza woona sakwiya ndi mafunso otere. Amene akwiya wadziulula yekha.

Tsono nzeru yofufuzidwa njayani? Njawofufuza, pakuti anaikhetsera thukuta. Njadziko lonse, pakuti nthenda ndi njala sizidziwa malire. Koma njawonso amene anapereka magazi, minda, nsomba ndi mbiri ya makolo ao, ndipo iwo ndiwo ayenera kuyamba kulawa. Mudzi wokana ofufuza onse udzakhala ndi mbeu zakale ndi matenda akale. Mudzi wovomera ziri zonse osafunsa udzadyeredwa. Mudzi wanzeru uyalira mlendo mphasa, numuuza zoona, nuwerenga pepala lake, numfunsa tsiku limene adzabwere kudzanena zimene wapeza.